Diso la Kumanzere la Kaphoso

Ndikukumbukira bwino lomwe tsiku limene ndinathamanga kuchokera ku sitolo ya phoso mpaka ku komboni, mwana ali kumsana, ufa uli pamutu, kamphaka kali pachifuwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kapena khumi, poti masiku amenewo zaka za mwana ankangoziyeza ndi maso. Inali nthawi ya atsamunda, nkhondo yachiwiri isanayambe, ndipo tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kumene makolo anga anafikira atathawa nkhanza za Apwitikizi. Bambo ankadulira ndi kupalira tiyi, mayi ankathyola, ine ntchito yanga inali kulera mlongo wanga Yohane, amene anali asanayambe kuyenda koma kulemera kwake ngati thumba la mchere.

Linali Lolemba. Mayi anandituma kuti ndikaime pamzere wa phoso, ufa ndi nyemba ndi mchere zimene antchito ankalandira sabata iliyonse. Ndili pamzerepo ndinamva kulira kwina kosasa kuseri kwa sitolo, ndipo poti miyendo yanga sinkadziwa kuima malo amodzi, ndinasiya dengu langa kuti lindisungire malo n'kupita kukasuzumira. Pa mulu wa masaka ong'ambika panali kamphaka kotuwa ka mizere yakuda, kokwana m'manja awiri. Mayi wake, mphaka amene ankasaka makoswe m'sitolomo, anali chapatali ndi ana ena atatu, koma aka anali atakapatula. Maso ake onse awiri anali atamatana ndi manthongo ouma achikasu, mphuno yake itatsekeka ndi mamina ouma, ndipo kankapumira kukamwa. Kunena zoona kanali konyansa. Koma ine sindinaone manthongo, ndinaona mphaka.

Muyenera kumvetsa kuti m'komboni yonse munalibe banja lokhala ndi mphaka. Amphaka anali a kunyumba ya bwana ndi a ku sitolo basi. Ife tinali ndi makoswe, onenepa, opanda ulemu, amene ankaboola madengu a ufa ndi kutiluma zala za kumapazi. Ndiye kapitawo wa sitolo atandiuza kuti kameneko wauza kale mlonda akakataye kutchire kasanapatsire anzake, ndinagwada pansi pomwepo n'kukapempha. Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti nditenge ndikaike maliro ndekha. Sindinadikire kuti asinthe maganizo. Njira yonse ya m'tiyi ndinkangolumpha, Yohane akugunda chipumi pamsana panga, ufa ukuwaza pamapewa, ndipo ndisanafike pakhomo ndinali nditakatcha kale dzina loti Kaphoso.

Madzulo ake chimwemwe changa chinakumana ndi bambo. Bambo anga sanali munthu wankhanza, anali munthu wosalankhulitsa, ndipo akanena chinthu ankachinena kamodzi. Anakanyamula kamphaka kaja ndi zala ziwiri, n'kukayang'ana uku ndi uku, n'kukayandikizira phala limene ndinakasiyira m'chigoba. Kanatembenuza mutu. Anati nyama yosiya kudya yayamba kale ulendo, ndipo kuisunga n'kuizunza chabe. Anatinso ife pamalopo ndife obwera, ndipo mphaka wosaona akamalira pakhomo pathu, anthu sachedwa kuyamba manong'onong'o a zaufiti. Mayi nawo anali ndi mantha awo, oti manthongo amenewo angalowe m'maso mwa Yohane. Ndinalira, ndinalonjeza kutunga madzi mwezi wonse, ndinalonjeza ngakhale zinthu zimene sindikanatha. Kenako bambo anapumira m'mwamba.

"Lamulungu m'mawa ndikadzakapeza kasanadye, ndikakataya ku mtsinje ndekha," anatero. "Tsikulo usadzandigwire mwendo."

Ine ndinangomva kuti andipatsa masiku asanu ndi limodzi, ndipo kwa mwana masiku asanu ndi limodzi ndi chaka. Ndinakayalira sanza m'dengu lakale la mayi lothyolera tiyi, limene linali litabooka pansi, n'kukaika pafupi ndi moto.

Lachiwiri akulu atapita kuntchito, ana a m'komboni anadzaza pakhomo pathu kudzaona mphaka wa Nelesi. Nelesi ndine. Ndinawaimika pamzere ngati a phoso, aliyense asuzumire kamodzi n'kupatsa mnzake mpata, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Koma ana alibe chisoni. Wina anati ameneyu si mphaka, ndi mbewa yodwala. Wina anafunsa ngati makoswe azidzabwera okha kudzalowa m'kamwa mwake poti maso alibe. Onse anafa nacho chiseko, ndipo ine magazi anawira. Ndinawauza kuti maso alipo, okongola kuposa awo, ndipo awaona dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinkadziwa m'mene mayi ankachotsera manthongo a Yohane m'mawa: kamalovu pa chala chachikulu, kupukuta kamodzi, otsalawo kuwakokota ndi chikhadabo. Ndinachita chimodzimodzi pa diso la kumanzere la Kaphoso. Koma awa sanali manthongo a tulo, anali chikhakha cha masiku ambiri, cholimba, chogwirana ndi ubweya. Kamphaka kanayamba kuphiriphitha. Ndinakapana ndi maondo, n'kulowetsa chikhadabo pansi pa chikhakhacho, n'kukoka. Chinachoka ndi ubweya womwe, pachikope n'kutuluka kadontho ka magazi, koma diso linatseguka, lofiira, lodzaza misozi. Ana aja anaomba m'manja. Ine ndinavina pabwalo ndi mwana kumsana mpaka fumbi kobo, ndipo ndinalengeza kuti linalo ndilitsegula mawa, poti ndinkafuna kuti abwerenso.

Kudya kokha ndiye ayi. Phala kanakana, madzi a nyemba kanakana, ngakhale kachidutswa ka mbewa yowamba kamene mnzanga wina anaba kwawo kanangokagunda ndi chibwano n'kutembenuka. Ndinaona kuti vuto ndi mphuno ija, ndipo apa ndinaganiza bwino. Chimene ndinaganiza pambuyo pake ndiye chimandichititsabe manyazi mpaka lero.

Bambo ankafwenkha fodya wa mphuno. M'mawa uliwonse, chitsulo choitanira antchito chisanalire, ankatsina pang'ono m'kabotolo kawo, n'kukoka, n'kuyetsemula katatu mwamphamvu moti nkhuku zinkabalalika, n'kumina, kenako n'kunena kuti tsopano mutu watseguka. M'komboni monse munthu akagwidwa chimfine ankamupatsa kafodya kuti ayetsemule. Ndinali nditaona zimenezi moyo wanga wonse, ndipo palibe amene anandiuzapo kuti mankhwala a bambo wamkulu si mankhwala a kamphaka kokwana m'manja. Usiku umenewo ndinagona ndikumwetulira, ndikudziona wanzeru kuposa ana onse a pa esiteti.

Lachitatu kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Akulu atangozimiririka m'nkhungumo, ndinakwera pa mtondo n'kutenga kabotolo kaja mu udzu wa denga m'mene bambo ankakabisa. Ndinatsina wochuluka, poti ndinati mphunoyo yatsekeka kwambiri. Ndinakagwira Kaphoso pakhosi n'kuyandikizitsa zala kumphuno. Kanagwedeza mutu mwadzidzidzi, zala zanga zinatseguka, ndipo fodya yense anathera pankhope pake, wambiri n'kulowa m'diso lija ndinalitsegula dzulo lake.

Kulira kumene kanalira sindinakumvenso kwa nyama ina iliyonse. Kanandikala pamkono, kanadumpha, kanathamanga n'kukagunda chipupa, kanabwerera n'kukagunda mtsuko, kakudzikanda kumaso ndi timiyendo tonse tiwiri. Yohane nayenso anayamba kulira. Ine, zala zili bii ndi fodya, ndinabweza kabotolo mu udzu mwamsangamsanga, chifukwa ngakhale pa tsoka lotere mwana amayamba waganiza za mkwapulo. Nditakagwira, diso lija linali litayamba kale kutupa.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuganizira: atsibweni a Jemusi, mlongo wawo wa mayi, amene ankasamala ng'ombe zokoka ngolo za nkhuni ndi mabokosi a tiyi. Khola lawo linali kutsidya kwa dambo, kumunsi kwa fakitale. Ndinamanga Yohane kumsana, Kaphoso ndinamukulunga m'nsalu pachifuwa, n'kuliyatsa liwiro m'tinjira ta m'tiyi. Masamba onyowa ankandimenya m'ntchafu, matope ofiira ankandigwira mapazi, ndipo ndinagwa kawiri koma sindinamve kupweteka kulikonse.

Atsibweni anali munthu wamfupi, wa dazi, wokonda kuseka anthu, amene ankacheza ndi ng'ombe zawo m'Chilomwe ngati anzawo a pa mowa. Ndinawapeza akutsuka goli. Anakalandira kamphaka kaja, n'kukayandikizitsa kumphuno kwawo, n'kununkhiza.

"Mphwanga, mphaka wakoyu wayamba liti fodya?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinati mwina kagwera m'phulusa. Anangondiyang'ana zala, ine n'kuzibisa kumbuyo, ndipo sanabwerezenso funsolo. Anatenga madzi m'chikho n'kuyamba kutsira pa diso lija pang'onopang'ono, chikho chimodzi, chachiwiri, chachitatu, mpaka madzi anasiya kutuluka akuda. Kenako anafutika kamphakako m'malaya mwawo, pamimba penipeni, kuti kamve kutentha, n'kundituma kuti ndisonkheze moto m'kanyumba kawo ndi kutereka madzi.

Pamene madzi ankawira anandifotokozera zinthu zimene mpaka lero sindinaziiwale. Anati matendawa ndi chimfine cha amphaka, ndipo chimayenda pakati pa ana a mphaka monga m'mene matenda a maso amayendera pakati pa ana a ng'ombe m'khola limodzi. Chimakonda ang'onoang'ono ndi ofooka, makamaka nyengo ya chiperoni, ndipo fumbi la ufa la m'sitolo ndi utsi wa m'nyumba zimangochiwonjezera moto. Poyamba m'maso ndi m'mphuno mumatuluka madzi oyera, kenako amakhuthala n'kusanduka achikasu, akauma ndiye amamata zikope ndi kutseka mphuno. Anati mphaka wamphamvu amadzisambitsa yekha kumaso, ndiye ukaona manthongo aunjikana chonchi, dziwa kuti mwiniwake mphamvu zamuthera. Ndipo anandiuza chinthu chimene chinandilumphitsa pamene ndinakhala: mphaka sadya chimene sanachinunkhize. Kaphoso sankakana chakudya chifukwa chofuna kufa, kankangolephera kudziwa kuti patsogolo pake pali chakudya.

Ndinafuna kuthamanga nthawi yomweyo kukatenga phala, koma anandikoka nsalu n'kundikhazikanso pansi. Anaphula madzi aja, n'kuponyamo kamchere kotsina ndi zala ziwiri, n'kudikira mpaka atazizira kufika poti ukaviika chigongono sukumva kuwotcha. Anang'amba malaya awo akale n'kupanga tizigamba, n'kutiwiritsa. Diso lililonse kachigamba kakekake, mphuno kakenso, ndipo kogwiritsa kale ntchito sikabwereranso m'madzi. Anaviika kamodzi n'kukaika pa diso la kumanja, lomwe linali lomatabe, n'kungokagwira pomwepo osasuntha. Ine ndinkaona ngati akuchedwa dala. Ndinawauza kuti ndikhoza kulitsegula kamodzi n'kamodzi ndi chikhadabo, monga ndinachitira linalo.

"Ndaona ntchito yako," anatero, akuloza diso lotupalo ndi chibwano. "Chouma sitikoka ayi. Timanyowetsa, chimachoka chokha."

Podziwa kuti mutu wanga sugwira mawu oti dikira, anandipatsa muyeso. Ndikaika kachigamba, ndiziimba nyimbo imodzi ya ku tchalitchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ikatha m'pamene ndizipukuta, kamodzi kokha, kuchokera cha kumphuno kupita cha kukhutu. Zofewa zichoke, zolimba zidikire ulendo wina. Ndizichita kanayi patsiku. Dengu ndilichotse pafupi ndi utsi koma ndiliyalire zofunda, madzi akumwa ndizikadonthezera m'mbali mwa kamwa ndi kaudzu, ndipo ndisanagwire Yohane ndizisamba m'manja ndi phulusa. Za mphuno anati ndizikafukiza nthunzi monga amachitira munthu wodwala, koma madzi okhaokha, opanda tsamba lililonse, mphika uli patali poti sikangapse. Pomaliza anandiuza mosabisa kuti chimfinecho chikatsikira m'chifuwa, iwo alibe nzeru ina. Za diso la kumanzere nditafunsa, anangoti ndizilitsuka ngati linzake.

Ndinabwerera kunyumba ndikuuluka, tizigamba tili m'manja ngati ndapatsidwa mphatso ya Khirisimasi. Lachinayi lonse ndinali dokotala. Ana a m'komboni atabwera ndinawathamangitsa, kuwauza kuti wodwala safuna phokoso, mawu amene ndinali ndisanawanenepo chibadwire. Vuto linali nyimbo ija. Ulendo woyamba ndinaiimba bwinobwino. Wachiwiri ndinaithamangitsa moti mawu ankapondana, ndipo manthongo anakana kuchoka, ngati akudziwa kuti ndabera. Ndinachita kuyambiranso, ndikukukuta mano, chala chikuyabwa kufuna kukokota. Mayi pobwera ku ntchito anandipeza ndikuimbira mphaka nyimbo ya Mulungu, anaima pakhomo n'kugwira pakamwa, koma sanandiletse. Anangofunsa ngati ndasamba m'manja.

Lachisanu masana, pa kupukuta kwachitatu, chikhakha cha diso la kumanja chinatsetsereka chokha n'kutsalira pa kachigamba, popanda ubweya ngakhale umodzi, popanda magazi. Chikope chinanjenjemera, chinatseguka pang'ono, chinatsekanso, kenako chinatseguka chonse. Diso lake linali lobiriwira ngati nsonga ya tiyi, loyera bwino, ndipo linayang'ana ine. Ndinakuwa mpaka Yohane anadzidzimuka kutulo. Ndinathamanga kuzungulira nyumba katatu, ndinauza nkhuku, ndinauza mayi wina wodwala mwendo wa nyumba yoyandikana nafe amene sanandifunse n'komwe. Tsiku limenelo ndikanapatsidwa esiteti yonse kuti ndisinthanitse ndi diso limenelo, ndikanakana.

Koma bambo sananene za maso, ananena za kudya. Loweruka chikhakha cha pamphuno chinafewa n'kuchoka, koma m'kati munali modzazabe, ndipo kakamapuma kankalira ngati kamluzu. Ndinakafukiza kawiri, dengu ndi mphika nditazifunditsa nsalu ya mayi, ine ndikusuzumira m'kati mpaka nkhope yanga kuchita thukuta. Phala kanalikanabe. Nthiti zake zinkawerengeka ndi chala, ndipo kakafuna kuimirira miyendo yakumbuyo inkagwedera. Madzulo bambo anasuzumira m'dengu, anayang'ana chigoba cha phala chosakhudzidwa, n'kupita kukasamba. Apo mayi anamasula kamtolo kawo n'kutulutsa matemba awiri mwa ochepa amene ankasungira ndiwo za Lamulungu, n'kundiikira m'dzanja. Anati atsibweni anawapeza ku sikelo ya tiyi n'kuwauza kuti chakudya chake chikhale chofunda ndi chonunkha kwambiri.

Lamulungu ndinadzuka kusanayere bwino n'kutereka madzi. Bambo anadzuka, anafwenkha fodya wawo, anayetsemula katatu, ndipo ine ndinayang'ana pansi. Anavala malaya awo a ku tchalitchi, kenako anatenga saka lopanda kanthu n'kukhala nalo pa chitsa cha pakhomo. Sanandifulumizitse, koma tonse tinkadziwa kuti belu loyamba la tchalitchi likalira adzaimirira, poti njira ya ku tchalitchi inkadutsa pa mtsinje.

Ndinachita zonse mwa dongosolo lake. Ndinakafukiza. Ndinaika kachigamba pamphuno n'kuimba nyimbo yonse, osadumpha mzere. Ndinakazinga matemba aja pa phale mpaka fungo linadzaza nyumba, ndinawasinja, ndinathirako timadzi tofunda n'kukaikira patsogolo. Kaphoso kanangokhala, mutu uli pansi. Ndinamva bambo akusuntha mapazi panja. Chala changa chinafuna kukatsegula kukamwa n'kukankhiramo nsombayo mokakamiza, ndipo ndinachita kukhalira dzanja langa lomwe kuti ndisatero.

Kenako kanayetsemula. Kanayetsemulanso, kachitatu n'kutuluka chimamina chachikasu chimene sindikudziwa kuti chinkakwana bwanji m'kamphuno kotero. Ndinapukuta mofatsa. Kanakhala phee, kenako kamphuno kaja kanayamba kugwedera. Mutu unadzuka, ndevu zinaloza kutsogolo, kanayenda masitepe awiri modzandira n'kuviika chibwano chonse m'chigoba. Kananyambita kamodzi, kanaima ngati kakudabwa, kenako kanayamba kudya kakung'ung'udza, kuopseza aliyense amene angayerekeze kukalanda.

"Bambo, kakudya! Bwerani mudzaone, kakudya!"

Analowa, anaima n'kuyang'ana mpaka chigoba chinayera. Anapinda saka lija kanayi n'kuliponya pa nsanja, ndipo belu litalira palibe amene analilabadira. Mayi ankaseka akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, ine ndinkalumpha ndi Yohane m'manja. Ndinkaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Koma bambo ananjuta n'kukweza chibwano cha kamphakako ndi chala, kukatembenuzira kowala. Kutupa kwa diso la kumanzere kunali kutaphwa, ndipo linali lotsegula. Linali loyera mbuu, ngati madzi otsukira mpunga, ndipo atayendetsa chala patsogolo pake silinaphethire. Anafunsa kuti nanga ili latani, poti onse awiri anali omata mofanana tsiku limene kanabwera. Akanandikalipira ndikananama, bodza ndinali nalo kale lokonzeka. Koma anafunsa mofatsa, ndipo ndinangopezeka ndikunena zonse, za chikhadabo, za ana oomba m'manja, za kabotolo ka mu udzu. Ndinamaliza ndikusisima, ndikudikira kuti andithyolere kamtengo.

Anasisita kamphaka kaja pamutu ndi chala chawo chokhakhala.

"Kabotoloko ndinaona Lachitatu lomwe kuti kasuntha," anatero. "Sindikumenya. Ukhala ukukaona tsiku ndi tsiku, zimenezo zakwana."

Tsiku limenelo ndinaona ngati ndapulumuka. Ndinazindikira pambuyo pake kuti mkwapulo ukanakhala wopepuka, poti umapweteka madzulo amodzi n'kutha. Kaphoso anachira, ananenepa, anakula n'kukhala mphaka woopedwa ndi makoswe a komboni yonse, moti amene ankanong'ona za ufiti ndi omwe ankabwera kudzamubwereka kuti akagone m'nyumba zawo. Anakhala nafe mpaka ine kutha msinkhu ndi kukwatiwa. Koma moyo wake wonse ankayenda mutu uli chopendekera, ndipo munthu akamudzera kumanzere ankadzidzimuka n'kufutukula ubweya, ngakhale munthuyo ndi ine amene ndinkamupatsa chakudya. Ndinaphunzira kumuzungulira kuti ndimufikire kumanja. Atsibweni ankanditonthoza kuti mwina matenda akanalidya ndithu disolo, koma ankanena akuyang'ana kumbali, ndipo ine ndinkadziwa kuwerenga mpaka pawiri: lomwe ndinalidikira linaona, lomwe ndinalithamangira linafa.

Tsopano ndakalamba, ndalera ana ndi zidzukulu, ndadwazika anthu ambiri, ndipo kupupuluma sikunandichoke konse, aliyense wa m'nyumba mwanga akhoza kuchitira umboni. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti tsiku lija sindinakokote diso chifukwa kamphaka kankavutika. Ndinakokota chifukwa ana ankandiseka, ndipo ndinkafuna kuti kachire pa nthawi yanga, anthu akuona. Ndinkakakonda ndi mtima wanga wonse, zimenezo sindikayika, koma chikondi sichinaletse chikhadabo changa kupweteka. Ndikaona dzanja langa likuthamangira pa bala la munthu kapena pa vuto la mwana, ndimadzifunsa kuti amene akulephera kupirira ndani, wodwalayo kapena ine. Chimfine chija chinali chitamusiyira Kaphoso maso ake onse awiri. Limodzilo ndinamulanda ndine.